Mpikisano wa mu Epulo, Thukuta la mu Januwale

Mumzinda wa Boston ku America muli mpikisano wothamanga wa marathoni womwe unayamba mu 1897. Umachitika Lolemba lachitatu la mwezi wa Epulo, tsiku la tchuthi lomwe kumeneko amalitcha Patriots' Day. Anthu pafupifupi 30,000 amanyamukira m'katauni ka Hopkinton n'kukathera mumsewu wa Boylston pakati pa mzinda, mtunda wa makilomita 42 ndi mamita 195. Amene amaonera pa kanema amangoona makabudula, mavesiti ndi chinamtindi cha anthu ochemerera m'mbali mwa msewu.

Chimene kanema saonetsa ndi miyezi inayi ya m'mbuyomo. Marathoni sakonzekeredwa sabata imodzi. Ndondomeko zambiri zomwe makochi amapereka zimatenga masabata 16 mpaka 18, ndipo mukawerenga chobwerera kuchokera pakati pa Epulo mukafika kumapeto kwa Disembala. Pa nthawiyo ku Boston dzuwa limalowa 4 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo m'mawa limatuluka 7 koloko itadutsa. Munthu wapantchito, kaya athamange asanapite kuntchito kaya ataweruka, amathamanga mumdima. Wothamanga wamba amafunika makilomita 60 kapena 80 pa sabata, akatswiri amafika 160 mpaka 200, ndipo ambiri mwa makilomita amenewa amagwera mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi yozizira kwambiri pa chaka.

Chaka cha 2015 sichidzaiwalika msanga kwa othamanga a mumzindawu. M'nyengo yozizira imeneyo kunagwa chipale chofewa chomwe, atachiwerengera pamodzi, chinafika pafupifupi mamita atatu, kuposa nyengo ina iliyonse yolembedwa m'mabuku a zanyengo a Boston. Tinjira ta oyenda pansi tinakwiririka, milu ya chipale m'mbali mwa misewu inaposa msinkhu wa munthu, ndipo masitima ena apamtunda anaima. Koma tsiku la mpikisano silinasunthe. Loweruka ndi Lamlungu lililonse magulu a othamanga ankakumana ku Newton, pa kamsewu kakang'ono koyenda m'mbali mwa Commonwealth Avenue, n'kumakwera ndi kutsika zitunda zomwezo zomwe adzakumane nazo mu Epulo. Chomaliza mwa zitundazo ndi Heartbreak Hill, chomwe chimabwera munthu atathamanga kale makilomita oposa 32, miyendo italema.

Funso limene munthu wa kwathu kuno angafunse n'lakuti, kodi sazizidwa? Yankho lake n'lodabwitsa. Thupi lothamanga limapanga kutentha kwambiri, moti mphamvu zambiri zimene minofu imawotcha zimasanduka kutentha osati liwiro. N'chifukwa chake nthawi zabwino kwambiri za marathoni zimapezeka kunja kukakhala madigiri 10 kapena chapompo, osati kukakhala kadzuwa kokoma. Wothamanga wozolowera amavala ngati kunja kwafunda kusiyana ndi mmene kulili. Akatuluka pakhomo amafuna kuti azimva kuzizira mphindi khumi zoyambirira. Akangotuluka n'kumva kufunda bwino, amadziwa kuti wavala mopitirira, ndipo pakangopita theka la ola akhala atanyowa ndi thukuta.

Kunyowako ndiye vuto lenileni. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, kuwirikiza ka 20 n'kupitirira. Zimene zimachitika n'zofanana ndi za mtsuko wadothi womwe umaikidwa pakhonde: madzi amatuluka pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi, mphepo n'kumawauluza, ndipo a m'katimo amazizira. Munthu wovala malaya onyowa pa mphepo ali ngati mtsuko umenewu. Nsalu ya thonje imamwa thukuta n'kulisunga pakhungu, choncho othamanga a m'mayiko ozizira amaipewa. Amavala magawo atatu: kamalaya kopyapyala kogwira thupi komwe kamatulutsira thukuta kunja, kajuzi kofunda pamwamba pake, ndi jekete yopepuka yotchinga mphepo, yokhala ndi zipi kuti aziitsegula akatenthedwa.

Tamuonani munthu wotere 5 koloko m'mawa, m'khitchini mwake. Wayang'ana kale pafoni kuti aone madigiri komanso kumene mphepo ikuchokera. Kumasaya ndi pamphuno wadzola Vaseline. Kumutu wavala chipewa chophimba makutu, ndipo pachipumi wamangirira katochi. M'manja muli magolovesi, mwina awiriawiri, chifukwa thupi likazizidwa limachepetsa magazi opita ku zala, makutu ndi mphuno pofuna kuteteza mtima ndi mapapo, ndipo zimenezi ndi ziwalo zoyamba kuchita dzanzi ndi kuwonongeka ndi chisanu. Kabotolo ka madzi wakaika m'kati mwa jekete kuti kasaundane. Amwa madziwo ngakhale alibe ludzu, popeza kuzizira kumachepetsa ludzu pamene thukuta likutulukabe ndipo mpweya uliwonse umene akupuma ukutuluka ndi chinyezi. Pakamwa wakulungapo kansalu, chifukwa mpweya wozizira ndi wouma umapweteka njira za mpweya, makamaka kwa odwala mphumu.

Akatuluka amayamba molunjika kumene mphepo ikuchokera. Nzeru imeneyi ndi yakale koma imapulumutsa: ndi bwino kulimbana ndi mphepo thupi likadali louma ndi lamphamvu, n'kubwerera nayo kumsana utanyowa ndi kutopa. Amene wayamba mphepo ikumukankha amasangalala popita, koma pobwerera malaya ake onyowa amauma gwa ndi chisanu.

Pansi pali vuto lina. Chipale chofewa chongogwa kumene sichiterera kwenikweni, chimangolemetsa miyendo ngati mchenga. Choopsa ndi madzi omwe anasungunuka masana n'kuundananso usiku, opyapyala moti saoneka pa phula. Munthu mmodzi kungoterera n'kubinya bondo kapena kuthyoka dzanja mu Febuluwale, ntchito ya miyezi iwiri yapita. Ena amagula tizitsulo tomangirira kunsi kwa nsapato. Ena amatenga nsapato zakale n'kupotokolera timasikuluwu tatifupi khumi kapena kuposa m'mphepete mwa soli, mitu yake itayang'ana pansi kuti izigwira pa madzi oundana. Amafupikitsa mapazi, ndipo wotchi amasiya kuikhulupirira. Liwiro limene mu Okutobala linali lopepuka, mu Januwale limafuna mphamvu zambiri, ndipo wothamanga wanzeru amayeza ntchito yake ndi mmene akupumira, osati ndi masekondi.

Pali masiku ena omwe kutuluka n'kupanda nzeru, ndipo apa m'pamene makina othamangirapo m'nyumba amagwira ntchito. Ambiri amadana nawo chifukwa n'ngotopetsa maganizo, koma mbiri ikuwaikira kumbuyo. Ingrid Kristiansen wa ku Norway ankathera nyengo yozizira akuthamanga pa makina otere komanso akuyenda pa chipale ndi masiki, masewera omwe anali katswiri wake asanatchuke pa kuthamanga. Mu Epulo 1985 anapita ku London n'kuthamanga maola 2, mphindi 21 ndi masekondi 6, nthawi yomwe inakhala yachangu kwambiri pa dziko lonse kwa akazi kwa zaka 13. Joan Benoit, yemwe anapambana ku Boston mu 1979 ndi mu 1983 asanatenge golide wa Olympics mu 1984, anakulira ku Maine, dera lozizira kuposa Boston, ndipo ankathamanga m'misewu ya kumeneko.

Koma nkhani imene imaonetsa bwino phindu la zonsezi ndi ya chaka cha 2018, ndipo imayamba pa 1 Januwale.

Tsiku limenelo m'tauni ya Marshfield, kum'mwera kwa Boston m'mphepete mwa nyanja, kagulu ka othamanga a m'deralo kanakonza marathoni yake ya Chaka Chatsopano. Kunja kunali pafupifupi madigiri 17 pansi pa ziro. Pakati pa ochepa omwe anafika panali mlendo wochokera ku Japan, Yuki Kawauchi. Bamboyu sanali wothamanga wolipidwa. Anali wogwira ntchito m'boma m'chigawo cha Saitama, kalaliki mu ofesi ya sukulu ya sekondale, ndipo malamulo a ntchito yake sankamulola kulandira ndalama za makampani othandiza osewera. Ankathamanga m'mawa asanapite kuntchito, ndipo pamene akatswiri ena amathamanga marathoni awiri kapena atatu pa chaka, iye ankathamanga khumi kapena kuposa. Ku Marshfield anamaliza m'maola 2, mphindi 18 ndi masekondi 59, ndipo ndi iye yekha amene anamaliza mtunda wonse. Aka kanali ka 76 kuthamanga marathoni osafika maola 2 ndi mphindi 20, kuposa munthu wina aliyense m'mbiri.

Patapita miyezi itatu ndi theka, pa 16 Epulo, tsiku la mpikisano wa Boston, kunacha moipa. Ku Hopkinton kunali madigiri pafupifupi 4, mvula ikukhuthuka, ndipo mphepo yamphamvu inkachokera kum'mawa, komwe othamanga amalowera. Ndiye kuti makilomita onse 42 anali olimbana ndi mphepo kumaso. Bwalo la sukulu lomwe anthu amadikirirapo lisanafike ola lonyamuka linasanduka matope okhaokha. Anthu anavala mapepala apulasitiki otayira zinyalala atawaboola pamutu, ena anakulunga nsapato m'majumbo, ena anavala magolovesi a labala pamwamba pa magolovesi a nsalu. Ngakhale akatswiri, omwe nthawi zonse amaima kutsogolo ndi kavesiti kokha, ambiri anavala majekete.

Kawauchi anavala vesiti, zophimba mikono, magolovesi ndi chipewa. Mfuti itangolira anatsomphoka ngati wopenga, moti owulutsa mawu ankaona ngati akungofuna kuonekera pa kanema. Gulu linamupeza, iye anatsomphokanso, kangapo konse. Kenako Geoffrey Kirui wa ku Kenya, yemwe anapambana chaka chapitacho komanso anali katswiri wa dziko lonse, anachoka pagulu m'zitunda za Newton n'kutsogola ndi mphindi yoposa imodzi. Aliyense ankaona kuti nkhani yatha. Koma chisanu chinali chikumudya. Miyendo yake inayamba kulemera, ndipo atatsala ndi makilomita pafupifupi awiri Kawauchi anamudutsa. Anamaliza m'maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 58, munthu woyamba wa ku Japan kupambana ku Boston chiyambire Toshihiko Seko mu 1987. Atafunsidwa za nyengo, iye anati kwa iyeyo sipakanakhala nyengo ina yabwino kuposa imeneyo.

Kwa akazi nkhani inali yokhudza mtima kwambiri. Desiree Linden anakulira ku California kotentha, koma kwa zaka zambiri ankakhala ndi kuphunzira masewerawa ku Michigan, komwe chipale ndi mphepo yochokera m'nyanja zikuluzikulu n'za chaka ndi chaka. Mu 2011 analuza ku Boston ndi masekondi awiri okha kwa Caroline Kilel wa ku Kenya. Mu 2018 anayamba akumva kuti thupi silili bwino, ndipo anauza mnzake Shalane Flanagan kuti mwina asiyira panjira, choncho ngati akufuna thandizo lililonse anene. Asanafike theka la ulendo, Flanagan anapatukira kuchimbudzi cha m'mbali mwa msewu. Linden anachepetsa liwiro, kumudikira, n'kumutchingira mphepo mpaka onse anabwerera pagulu. Pogwira ntchito yothandiza mnzakeyo thupi lake linatenthedwa, ndipo anapezeka kuti ena onse akufooka iye akadali bwino. Chapamakilomita 35 anadutsa Gladys Chesir wa ku Kenya ndi Mamitu Daska wa ku Ethiopia. Jekete yake sanaivule mpaka pa mzere womaliza. Nthawi yake inali maola 2, mphindi 39 ndi masekondi 54, ndipo anakhala mkazi woyamba wa ku America kupambana mpikisanowu chiyambire 1985.

Nthawi zimenezi n'zochedwa kwambiri. Mu 2011, mphepo ili kumsana, Geoffrey Mutai anathamanga msewu womwewu m'maola 2, mphindi 3 ndi masekondi 2. Koma tsiku limenelo liwiro silinali nkhani. Akatswiri ambiri anasiyira panjira, kuphatikizapo Daska ndi Galen Rupp wa ku America, ndipo anthu oposa 2,000 anathandizidwa ndi achipatala, ambiri chifukwa chozizidwa. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Likatsika kufika pansi pa 35, munthu amanjenjemera kosalekeza, lilime limalemera, amapunthwa, ndipo maganizo amasokonekera moti sadziwa n'komwe kuti ali pangozi. Akatswiri a marathoni ndi anthu owonda kwambiri, opanda mafuta otchinga chisanu. Malinga ngati akuthamanga mwamphamvu, thupi limadzitenthetsa lokha. Akangotopa n'kuchepetsa liwiro, kutentha kumachepa, minofu imauma, liwiro limatsikanso, ndipo zinthu zimangoipiraipira.

Ena amati Kawauchi ndi Linden anangochita mwayi. N'zoona kuti nyengo yabwino ikanapereka mpikisano kwa ena, koma kunena kuti mwayi n'kuwalanda zawo. Nyengo inali imodzi kwa onse. Chimene awiriwa anali nacho sichinali khungu lolimba, chifukwa thupi la munthu silizolowera kuzizira kwambiri ngati mmene limazolowerera kutentha. Anali ndi chidziwitso. Ankadziwa chovala chimene chimagwira ntchito chikanyowa, ankadziwa kuti zala zikachita dzanzi si ndiye kuti ulendo watha, ankadziwa kuti wotchi ikamaonetsa nthawi yoipa si chifukwa chotayira mtima. Zinthu zimenezi munthu samaziwerenga m'buku, amaziphunzira potuluka m'mawa wa mu Januwale mobwerezabwereza.

Komabe chilungamo chikufuna kuti titchule Sarah Sellers. Mayiyu, namwino wothandiza kugoneka odwala pa opaleshoni, ankakhala ku Tucson m'chipululu cha Arizona, komwe chipale n'chosowa. Ankathamanga 4 koloko m'mawa asanalowe kuchipatala kapena usiku ataweruka, analipira yekha ndalama yolowera mpikisano, ndipo anamaliza wachiwiri osadziwa n'komwe kuti ndi wachiwiri. Analandira madola 75,000. Ngakhale anakulira ku Utah kozizira, miyezi yake yokonzekera sinali ya m'chipale. Chimene anafanana nacho ndi opambanawo n'chakuti anazolowera kuthamanga pa nthawi yoipa, thupi lisakufuna, ndipo tsikulo anayamba modekha n'kumadutsa ofooka mmodzimmodzi. Wachitatu anali Krista DuChene wa ku Canada, mayi wa ana atatu, wa zaka 41.

Mfundo yakuti choopsa ndi madzi ndi mphepo, osati chipale, ikutikhudza ifenso. Ku Boston tsiku lija madzi sanaundane n'komwe. Kuno kwathu mu Juni ndi Julayi chiperoni chikafika m'maboma a Mulanje, Thyolo ndi Blantyre, chimabwera ndi zinthu zitatu zomwezo: kuzizira, mvula yowaza ndi mphepo. Mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje umachitika mu Julayi. Umayambira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso ku Likhubula, mtunda woposa makilomita 20, ndipo okonzekera mpikisanowu amakwera phirilo m'miyezi yozizira kwambiri. Mnyamata amene wakwera ndi tisheti ya thonje, n'kunyowa ndi thukuta pa chitunda, kenako nkhungu n'kumupeza pamwamba atabinya mwendo, ali pangozi yofanana ndi ya othamanga a ku Boston. Jekete yopepuka ya pulasitiki yomangirira m'chiuno ndi malaya ouma osinthira akangomaliza si zinthu zodula, ndipo makochi athu ayenera kuziumirira monga mmene amaumirira za nsapato. Abale athu omwe ali ku South Africa amadziwanso zimenezi pa mpikisano wa Comrades, wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, womwe umachitika nthawi yozizira ndipo umayamba kusanache.

Nyengo yozizira ili ndi msampha wina womwe umaonekera mochedwa. Munthu amene wathamanga miyezi inayi m'chisanu amafika mu Epulo thupi lake litaiwala kutentha. Thupi limafuna masiku 10 mpaka 14 akuthamanga kotentha kuti liyambe kutuluka thukuta msanga ndi kuchulukitsa madzi a m'magazi. Boston yemweyo anaona zimenezi mu 1976 ndi mu 2012, pamene kunatentha kupitirira madigiri 30, ndipo mu 1976 anthu okhala m'mbali mwa msewu ankapopera othamanga madzi ndi mapaipi a m'minda yawo ya maluwa.

Chaka cha 2018 chinaonetsa mbali zonse ziwiri m'sabata imodzi. Ku Britain kumapeto kwa Febuluwale ndi mu Malichi kunawomba mphepo yozizira yochokera ku Siberia, chipale chinatseka misewu, ndipo mipikisano yambiri yomwe anthu amayeserapo mphamvu inalephereka. Okonzekera marathoni a London anathamanga maulendo awo ataliatali atavala magolovesi ndi zipewa. Ndiye pa 22 Epulo, patangopita masiku asanu ndi limodzi chichitikire za ku Boston, ku London kunatentha kufika madigiri 24, kutentha komwe mpikisanowo unali usanakuonepo chiyambire 1981. Eliud Kipchoge anapambana m'maola 2, mphindi 4 ndi masekondi 17, koma kumbuyo kwake anthu wamba ambiri anafooka, ndipo malo ena omwera madzi anauma asanafike othamanga a kumapeto.

N'chifukwa chake makochi ambiri masiku ano amasintha malangizo m'masabata awiri kapena atatu omaliza, nthawi yomwe makilomita amachepetsedwa kuti miyendo ipume. Munthu yemwe miyezi yonseyi amauzidwa kuti asavale mopitirira, tsopano amauzidwa kuti masiku ena avale juzi yowonjezera, athamange pa makina m'chipinda chofunda, kapena akhale m'bafa la madzi otentha akangomaliza kuthamanga, kuti thupi liyambirenso kutuluka thukuta. Ndipo popita ku mpikisano amalongedza zovala za mitundu iwiri m'chikwama chimodzi, vesiti ndi mafuta oteteza ku dzuwa mbali ina, jekete, magolovesi ndi pepala lapulasitiki mbali inayo, n'kusankha chovala m'mawa wa tsikulo atamva za nyengo.